Dayisi ya Kuseri kwa Katoni

Anzanga, Kondwani ndinakumana naye pakhonde la shopu ya achimwene anga a Davie pa Neno Boma, Lamulungu masana. Ndinangopita kukasiya makiyi. Ndinapeza anyamata atazungulira tebulo, mmodzi atakhala kuseri kwa katoni ya sopo yoimika ngati kampanda.

"Njuga masanasana?" ndinafunsa.

Wakuseri kwa katoniyo anaseka. "Si njuga, chemwali. Khalani pansi muone."

Anali Kondwani ameneyo. Gemuyi anabwera nayo kuchokera ku koleji ku Blantyre. Iye amasimba nkhani ya mapanga ndi zilombo zongopeka, osewera aliyense amakhala munthu mmodzi wa m'nkhanimo. Ine anandipatsa mtsikana wamatsenga, ndinamutcha Tiwonge.

"Pano matsenga sagwira chifukwa choti mwanena," anatero, akundionetsa dayisi ya mbali twente. "Mukafuna kugoneka chilombo, ine ndimachiponyera dayisi kuseri kuno. Ikagwa 13 kapena kuposa, chapirira, matsenga anu apita pachabe. Ikachepera, chagona."

"Nanga ndidziwa bwanji, poti mwabisa?"

"Wosimba nkhani amaponya mobisa. Ndi lamulo lake."

Ndinangovomera, mtima uli kale phaphapha...

Kuyambira tsiku limenelo Tiwonge sankaphonya. Ndikangoti ndagoneka chilombo, dayisi gobede kuseri kuja, kenako Kondwani: "4! Chagona!" Fackson, mnzathu wosewera naye, ankadandaula kuti ndinasamba mwayi. Tikaweruka Kondwani ankandiperekeza, tikusenda manachesi m'njira. "Inu" uja anatha yekha. Tsiku lomwe anandifunsira sindinanamizire n'komwe zokaganiza kaye, manyazi ndinawasiya pakhonde paja!

Nkhani inawapeza amayi.

"Stelia, ndamva kuti ukumaponya matsenga pa Boma. Kuno kwathu mawu amenewo saseweretsa, anthu akhoza kukuchita chipongwe."

"Ndi gemu chabe, amayi."

"Mwini gemuyo abwere ndimuone."

Anabwera, atapisira shati. Ananjuta, n'kufotokoza zonse mofatsa, dayisi ili m'manja mwa amayi.

"Zamasewerazo ndamva," anatero amayi. "Koma mwana wangayu mukulinga naye chiyani?"

"Zabwino zokhazokha, mayi."

Anamupatsa nkhuku. Amayi anga, anzanga, amene nkhuku zawo sagwira olo pa Khirisimasi.

Kenako kunabwera Lusungu, msuweni wa Fackson wa ku Matope, kudzaphunzira zosoka pa Boma. Mpando ndinamukokera ndine. Kuwerenga dayisi ndinamuphunzitsa ndine.

Zinthu zinayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Matsenga a Tiwonge anasiya kugwira. "17, chapirira." Sabata inayo, "19, sorry Stelia." Pomwe Lusungu chilichonse chimene wayesa chinkatheka. Kundiperekeza kuja kunasanduka "lero ndatopa, babe." Ine n'kumadzitonthoza kuti mwayi umatha, ubweranso.

Tsiku lake linali la mu Okutobala, kukutentha, mphepo ikuulutsa fumbi pamsika. M'nkhanimo Tiwonge anali atavulala kwambiri, chilombo chitamupanikiza kuphanga. Anatsala ndi matsenga oponya kamodzi kokha. Lamulo la patebulo pathu linali lakuti munthu wako akafa, umadikira mpaka nkhani yonse ithe, ndipo nkhani ya Kondwani inkatenga miyezi.

"Ndikuchigoneka," ndinatero.

Gobede.

"18," anatero Kondwani osandiyang'ana. "Chapirira. Tiwonge wafa."

Asanatseke pakamwa, kamvuluvulu anadutsa pakhondepo n'kugwetsa katoni ija. Dayisi inali poyera, palibe amene anaikhudza.

Inali 2.

Fackson anaiyang'ana, n'kuyang'ana Kondwani. "Aise, 18 yake ili pati?" Lusungu anazyolika, akuseweretsa chala cha dzanja lake.

Kondwani ndinamukokera kuseri kwa shopu.

"Kondwani, wanamiranji?"

"Ndi gemu chabe, Stelia. Usazitengere pamtima."

"Nanga muja ndinkawina daily muja?"

Anakanda m'mutu. "Zina ndinkasintha. Ndinkafuna uzibwerabe."

"Ndiye pano?"

Anangoyang'ana kukhonde kumene kunakhala Lusungu, ndipo ndinamva zonse.

"Chibwenzi chanuchi chinayamba liti?"

"Kalekale pang'ono... Ndimasowa poyambira kukuuza. Ndinaganiza kuti Tiwonge akafa usiya kubwera, zingozirala zokha popanda kukangana."

Anzanga, ndinalira ngati kwagwa maliro. Fackson anabwera kudzandiuza kuti malinga ndi dayisi chilombo chagona, Tiwonge ali moyo, ndibwerere tikapitirize. Ndinamuthokoza, koma pampando paja sindinakhalenso.

Chikondi chimatha, zimenezo ndikudziwa, ndipo akanandiuza pakamwa ndikanalira n'kupola. Chimene chikundiwawa mpaka lero n'choti munthu amene ndinamutengera kwa mayi anga anakhala masabata onse aja akundiyang'ana m'maso, akutchula manambala abodza, kudikira kuti nditope ndichoke ndekha. Ine uko ndikupita kunyumba n'kumadziimba mlandu kuti ndine watsoka.

Atsikana anzanga, munthu akasintha musamathamangire kunena kuti ndi tsoka lanu. Mufunseni maso ndi maso, akuyankheni ndi pakamwa pake.

Lamulungu lapitali ndinadutsa pashopu paja. Akusewerabe. Pamalo panga pakhala Lusungu, ndipo ndinamumva akuseka kuti matsenga ake saphonya.