Mita yanga inalibe fyuzi

Anzanga, nkhaniyi sindikupeka ayi, wokayika abwere adzaone yekha diso langa lakumanzereli. Zaka zimenezo ndinkakonza makompyuta m'kachipinda kena kuseri kwa msika wa Nkhata Bay, ndipo kunena zoona ndinkadzimva kwambiri.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina wa ku Usisya ndi kompyuta yomangozima yokha, nandiuza kuti sitima ya panyanja ikamanyamuka masana akufuna akwere nayo. Ndinaganiza kuti khadi yotulutsa zithunzi ikukoka magetsi ochuluka, ndiye ndinaizula n'kuikweza pa ekisitenda, kathabwa kotulutsira khadi kunja kwa bokosi kuti uziyeza bwino. Ndinachotsa kawaya kolumikiza n'kulowetsapo mita yoyezera magetsi, chingwe chofiira chili pabowo loyezera maampu, kuchuluka kwa magetsi odutsa. Kodi mukudziwa kuti chingwe chikakhala pamenepo mita imangosanduka waya wamba? Chokutchinjiriza ndi fyuzi basi, koma yanga inali itapsa kalekale ndipo ndinangopiringizapo waya, monga timachitira ambirife.

Ndisanawerenge n'komwe, magetsi anazima. Bambo uja ali chiimire pakhomo, kusuzumira kudoko, kubwerera, kundifunsa ngati ndatha, mpaka nanenso mtima unali m'mwamba. Ndinasolola mita n'kuthamangira batire lalikulu la inveta, makina ondipatsa magetsi akazima, kuti ndione ngati lili ndi moto wokwanira, osakumbuka kusuntha chingwe chija. Batirelo linali litangochoka kumene potchaja, ndipo ine ndinawerama, nkhope pafupi, n'kugunditsa zingwe za mita pabatirepo.

Ndinangomva phuu! Batire linaphulika, kenako mdima, asidi wake akuotcha m'maso ngati tsabola. Ndinakuwa ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, poganiza kuti ana anga sindidzawaonanso. Mayi wina wogulitsa chinangwa pafupi ndi amene anandigwira pakhosi n'kundikhuthulira ndowa ziwiri za madzi kumaso, uku akundikalipira m'Chitonga kuti nditsegule maso ngakhale zikuwawa. Kuchipatala anandiuza kuti pakanapanda mayiyo bwenzi ndili wakhungu. Diso limodzi linapulumuka, lakumanzereli limangoona chifunga mpaka lero.

Achibale ankati andilodza amisiri anzanga chifukwa cha nsanje. Ine ndimakana, wondilodza ndani poti zonse ndinachita ndi manja angawa? Choncho inu ogwira zamagetsi, kasitomala afulumire chotani, yang'anani kaye pamene chingwe chofiira chili musanagunditse mita paliponse. Ndipo fyuzi ikapsa musamange waya, gulani ina, chifukwa kanthu kameneko kamapsa kuti inuyo musapse.