Sokosi ya Apongozi Anga

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Lamlungu lina mu Okotobala ndinapeza apongozi anga, bambo a mwamuna wanga Yohane, atavala nsapato kumanzere kokha, phazi lamanja lili m'sokosi. Anati nsapato inayo yayamba kuwathina. Ndinangovomera, poti kwathu ku Chipata sitinaleredwe kufunsa apongozi kawiri.

Bambowa ali ndi zaka 78, anabadwira pafamu ku Zimbabwe, ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali. Atadwala sitiroko, a khonsolo ya kuno kunja kumene tikukhala anawapezera malo ku Lewisham, m'nyumba zimene okalamba amakhala paokha koma osamalira amabwera kudzawathandiza. Pangano linali lakuti m'mawa uliwonse wina aziwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kuwayang'ana mapazi, chifukwa munthu wa shuga akhoza kukhala ndi bala osalimva.

Pathebulo pawo pamakhala buku limene osamalirawo amalembamo. Mawu ake anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku: akana kusamba, akuti asamba kale, ali bwino. Chimene chinkasintha ndi dzina la wolemba. M'mwezi umodzi ndinawerenga mayina khumi ndi anayi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ntchito yanga ndi yomweyo. Ndimasambitsa okalamba panyumba ina ku Edmonton. Ndimadziwa kuti "akana" nthawi zambiri amatanthauza kuti wosamalira wapatsidwa mphindi zochepa ndipo basi yopita kwa wodwala wina yatsala pang'ono kudutsa. Ndinkadziwanso kuti munthu wofa mkono ngati apongozi anga sangafikire phazi lake. Mapazi a anthu osawadziwa ndimawagwira tsiku lonse, koma ili linali la apongozi, ndiye sindinalikhudze.

Sabata yotsatira m'chipinda munayamba kumveka kafungo. Lolemba ndinaimba foni ku ofesi ya kampani ya osamalirawo. Anandidikiritsa, kenaka anati alemba. Lachitatu ndinaimbanso, anayankha munthu wina amene sankadziwa kalikonse. Anandiuza kuti munthu ali ndi ufulu wokana kusamba, sangamukakamize. Zimenezo n'zoona, koma palibe anafunsa chifukwa chimene ankakanira. Onse amene ankabwera anali atsikana a msinkhu wa adzukulu awo, ndipo bambo ngati amenewa sangavule pamaso pawo. Tinapempha wosamalira wamwamuna mu Julaye, nazonso anati alemba. Yohane, amene amayendetsa malole ndipo sakhalitsa pakhomo, anawafunsa bambo ake pafoni za phazilo. Anati lili bwino, iye n'kukhutira.

Lamlungu lachitatu ndinawapeza akunjenjemera, thupi lili moto, akufunsa ngati ng'ombe za pafamu zamwa madzi. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Adada, mundikhululukire. Ndikuvulani sokosiyi."

"Iwe mwana wa eni, ugwire phazi langa?"

"Ndigwira, adada."

Sokosi inali itamatirira, ndinachita kuinyowetsa ndi madzi ofunda. Zala ziwiri zinali zitada bii, ndipo pansi pa phazi panali bala lotuluka mafinya.

Ambulansi inatitengera kuchipatala, kumene tinadikira pakhonde kuyambira masana mpaka madzulo, iwo ali padiripi. Dokotala atayang'ana anati, "Bala ili si la sabata imodzi. Amawasambitsa ndani?" Buku lija linali m'chikwama mwanga, lodzaza ndi "ali bwino". Ndinakwiya, komanso ndinachita manyazi, chifukwa dzina langa silinali m'bukumo koma inenso ndinali m'gulu la anthu amene sanayang'ane.

Lachiwiri anadula zala ziwirizo. Anatiuza kuti matenda akapezeka kuti alowa m'fupa, adula phazi lonse, ndipo apongozi sadzabwereranso kunyumba kwawo kukakhala paokha. Tinadikira zotsatira masiku asanu ndi limodzi. M'mawa ankawayeza shuga, masana namwino ankatsuka bala, ine ndikaweruka ndinkakwera sitima kukakhala nawo. Phazi linapulumuka. Anagona m'chipatala masabata asanu.

Atatuluka tinakumana ndi mkulu wa kampani ija. Anatsegula bukulo n'kutisonyeza kuti antchito ake analemba zonse motsatira malamulo. Ndinamufunsa kuti mwa anthu khumi ndi anayi aja, ndani anaona phazi. Anati afufuza. Yankho sindinalilandire mpaka pano. Titalemba madandaulo ku khonsolo, anatipatsa wosamalira wamwamuna, koma amabwera katatu pa sabata, ndipo iyeyo akadwala amabweranso atsikana aja.

Lero apongozi amayenda ndi chogwirira mpaka pamphambano ya msewu. Shuga watsika ndipo bala lapola. Lamlungu lililonse ndimatenga beseni n'kuwasambitsa mapazi ndekha. Poyamba ankangoyang'ana pazenera. Masiku ano ndimapeza atatambasula kale mwendo ndisanavule n'komwe jekete.

Inu amene muli ndi kholo m'nyumba zoterezi, makamaka la shuga, musadalire buku lokha. Mukamva kafungo kapena mukaona nsapato yavulidwa, pitani kwa dokotala tsiku lomwelo. Ine ndinadikira masabata awiri chifukwa cha ulemu, ndipo Lamlungu lililonse ndimapukuta zala zisanu ndi zitatu.