Injini Zinawalira Achimwene ku Jebel Ali

Ndinadzuka kusanache m'kachipinda ka achimwene ku Deira, m'dziko la eni kutsidya kwa nyanja, momwe munkamvekabe fungo la oyilo. Maliro tinachezera pa foni, poti korona, yemwe anawatengayo, sankalola anthu kusonkhana. Thupi silikanapita kumudzi. Ku Ntcheu amayi anali atakana chakudya masiku atatu, ati mwana wawo aikidwa ngati munthu wopanda abale.

Achimwene anali makaniko pa galaja ina ku Al Quoz. Ankakonza magalimoto a kampani ina ya ku Germany, koma a nthambi yake yomwe imawonjezera injini mphamvu. Mbiri yake ankaikamba mpaka kutopetsa: akuti anayambitsa ndi amisiri awiri m'chigayo chakale, akukonza injini za mpikisano, ndipo injini zazikulu za masilinda eyiti amamanga munthu mmodzi n'kulembapo dzina lake. Ine ndinkangoti, "Achimwene, mudzakwatira injini kodi?"

Kumanda ku Jebel Ali analola anthu owerengeka. Tinalipo ine, abusa, amayi awiri a kutchalitchi ndi mwini galaja, tonse m'masiki, dzuwa likuswa mtengo. Nyimbo yathu inangothera m'mchenga. Ndinayatsa vidiyo kuti amayi kumudzi aone, koma ndinachita manyazi, moti foni ndinangoilozetsa pa bokosi.

Bokosi litatsika, mwini galaja anandikodola kuti nditembenuze foni. Kunja kwa mpanda magalimoto anali atandanda mpaka pokhota msewu, aliyense atakhala m'mwake. Anandiuza kuti achimwene sankapereka galimoto kwa mwini wake asanaimvetsere kulira, maso ali chitsinzinire. Eni akewo anabwera kuti achimwene awamvetsere magalimotowo komaliza.

Mwini galajayo anakweza dzanja n'kufuula, "Yalla! Tiyeni!"

Injini zinabangula pamodzi, nthaka n'kunjenjemera. Abusa anadzidzimuka mpaka kugwetsa mpango. Phokoso lomwe linkandinyansa lija linandiliza ngati kwaya yakwathu.

"Onsewo abwerera Yohane wanga?" anafunsa amayi pa foni.

"Onsewo, amayi. Kungoti akanizidwa kulowa."

Amayi anati, "Basi, anali ndi anthu."

Madzulo ndinabwerera ku Deira kukalongedza. M'nyumba munali zii. Ndinapinda ovolosi yawo, mtima uli m'malo koyamba chimwalirireni iwo. Ndikutseka chikwama, mng'ono wanga anandilembera uthenga kuchokera ku Ntcheu: amayi apempha phala, ndipo akuti lithiridwe shuga.