Ondiotchera Nyumba Anandifolerera Denga

Apolisi anagogoda Lolemba m'mawa, m'nyengo yokumba mbatatesi. Anandipeza kwa abusa athu pafupi ndi Tsangano, kumene ndinathawira anyamata a m'mudzi ataotcha nyumba yanga. Mwana wa mnansi wanga anali atamwalira ndi malungo, ndipo mayi wakeyo ananena kuti ndamulodza ndine.

"Kwerani galimoto, mayi," anatero wapolisi wina. "Tikukakusungani kuti anthu asakupheni."

Titafika kupolisi, nkhani inasintha. Wondifunsa anati, "Ingovomerani kuti mumatamba, zithe msanga." Ndinakana. Zimene zinatsatira sindilemba pano. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero. Ananditumiza kundende kukadikira mlandu. Mvula inagwa ndili komweko, munda wanga osalimidwa.

Lachinayi lililonse kunkabwera mayi wina wa bungwe lothandiza akaidi, kudzatiphunzitsa chilungamo choyanjanitsa anthu. Ankati khoti limafunsa kuti walakwa ndani ndipo alangidwe bwanji, koma palinso mafunso ena: wapwetekedwa ndani, akufuna chiyani kuti mtima wake ukhale pansi, nanga akonze zoonongekazo ndani. Tinkayeserera awiriawiri, wina kukhala wolakwa, wina wolakwiridwa. Lamulo linali lakuti mnzako akamayankhula usamudule.

Tsiku lina anandifunsa, "Inuyo amayi, mukufuna chiyani?"

Chiyambireni mavutowa, aliyense ankangondifunsa chimene ndinachita.

Khoti linanditulutsa anthu akukolola chimanga, poti panalibe umboni. Msilikali wa ndende potsegula chipata anangoti, "Pitani, musadzabwerenso."

Apolisi anafuna ndiwatchulire amene anaotcha nyumba. Ine ndinapempha mayi wa bungwe uja kuti andikumanitse kaye ndi mnansi wangayo. Tinakhala m'kalasi pasukulu ya kwathu, pamodzi ndi anyamata aja ndi abale athu. Ndinafotokoza zonse, osandidula. Kenako mnansiyo anayankhula, maso ali pansi.

"Mwana anatsirizikira kumsana kwanga tikupita kuchipatala. Ndinkangofuna woti ndimuloze chala. Inuyo ndi amene munali pafupi."

Nanenso sindinamudule. Ndinali ndisanamupepese maliro, choncho ndinamupepesa pomwepo. Kenako ndinati, "Mukanene pagulu kuti sindine mfiti. Ndipo nyumba yanga imangidwe."

Ananenadi Lamulungu lotsatira, anthu akutuluka m'tchalitchi. Anyamata aja anaumba njerwa, nafolera denga mvula isanayambe.

Ine ndi mnansi wanga sitinasanduke mabwenzi, koma timapatsana moni, timabwerekana makasu. Masiku ano anthu akayambana m'midzi yathu ino, mayi wa bungwe uja amanditenga kuti ndikathandize kuwakhazika pansi.

Potuluka pachipata cha ndende ndinkayesa kuti ufulu ndi umenewo, koma ndinkayendabe chozemba. Ndinamasuka m'mawa wina kumjigo, pamene palibe anasuntha chidebe chake atandiona, ndipo mtsikana wina anandiitana, "Amayi, tanditwikaniko."