Mlonda wa Masamba a Maliro

Bambo anga atamwalira ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo Ndirande yonse inkandidziwa. Osati chifukwa cha nzeru ayi. Anali atandichotsa sukulu kawiri, koyamba chifukwa cha mawindo, kachiwiri chifukwa cha dzino la mwana wa aphunzitsi. Matipate anali atangoyamba, aliyense akulankhula zakukhosi, kupatula ine. Munthu akandifunsa kuti chavuta n'chiyani, yankho linali limodzi: "Palibe." Sindinkanama. Ndinkangomva kutentha pachifuwa, kenako manja ankamaliza okha.

Tsiku la maliro amayi ankalira m'nyumba pamodzi ndi azimayi a kutchalitchi. Ine msozi ngakhale umodzi. Ndinachita manyazi, ndiye ndinadzipatsa ntchito yolondera masamba amene tinayala pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Wagalimoto achepetse liwiro, wanjinga atsike, wachipewa avule. Palibe anandituma. Abale inu, mukanandiona ndikuyendayenda ngati wapolisi wapamsewu, chikhalirecho kabudula wong'ambika kumatako!

Kenako kunatulukira bambo wina wogulitsa makala, matumba atatu panjinga, akutsetsereka. Sanatsike. Mwina analibe mabuleki, nanga ndinafunsa? Ndinamukankha, makala mbwee pamsewu, ine n'kumukhalira pamimba, zibakera. Nyimbo m'nyumba muja inaduka.

Malume anandizula ndi kolala.

"Uyu watitopetsa. Tikangoika maliro ndikukamusiya kupolisi, amutumize kusukulu ya ana opulupudza." Anandigwedeza. "Tanena, wamumenyeranji munthu wosalakwa?"

Ndinkadziwa kuti akanena achita, ndipo ndinkaopa zedi. Ndinafufuza mumtima monsemo kuti ndipeze chonena chondipulumutsa.

"Sanatsike," ndinatero. Ngakhale ine ndinamva kupusa kwake.

Amayi anatuluka, azimayi awiri atawagwira m'manja. Anayamba agwada pamaso pa wamakala uja, amene ankapukuta magazi kumphuno.

"Pepani bambo, tikhululukireni." Kenako anatembenukira kwa malume, mawu atasasa. "Achimwene, musiyeni. Simukuona? Mwanayu akulira bambo ake. Kulira kwina sakudziwa."

Malume anasiya kolala ija.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatsutse amayi, poti kutsutsa ndiye ndinkakutha. Mawu anakana. M'malo mwake kunatuluka chiphokoso chonyansa ngati cha mbuzi yomangidwa, pamaso pa anyamata onse amene ankandiopa, ndipo sichinaleke mpaka tinafika kumanda.