Tsiku Limene Mapepala a Ababa Anabwerera

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma m'siwa pakati pa amayi amene anachezera kuimba, miyendo itachita dzanzi. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anakhalapo ku Lichinga nyengo imeneyi akudziwa kuti chisanu chake chimalowa mpaka m'mano. Bokosi la ababa linali pakati pa chipinda, makandulo awiri akupita kokatha. Panja amuna anali atazungulira moto, mabulangete mpaka kumutu. Kuseri kwa nyumba amayi a m'dera lathu, bairo la Namacula, anali atatereka kale madzi a tiyi ndi nyemba.

Anthu ankandiyang'ana nkumanong'onezana kuti mwana woyamba wasweka mtima. Chisoni chinalipo, koma chimene chinandigwira m'mawa umenewo anali mantha. Ababa anasiya mawu amodzi okha, ndipo anawanena pamaso pa anthu ambiri: pamanda tidzaimbe nyimbo yoyamba imene anasindikiza, oimba atagwira mapepala awo m'manja. Mapepalawo ndinawawotcha ine zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo ndinali ndisanauze munthu.

Ababa ndiwo anayamba kusindikiza nyimbo za makwaya kuno. Poyamba anali kalaliki wotayipa makalata mu ofesi ina, mzinda uno ukadali kutchedwa Vila Cabral. Lamlungu ankaimba tena. Chinkawanyansa n'chakuti nyimbo imodzi yomweyo inkaimbidwa mosiyana m'tchalitchi chilichonse, aliyense nkumalumbira kuti yake ndiyo yeniyeni. Ofesi itataya makina akale opukusa ndi dzanja, iwo anawatola nawakonza ndi waya wa njinga. Ankatayipa do, re, mi pa pepala la phula, kulikulunga pa makinawo, kuthira tinta, inki yakuda ija, nkuyamba kupukusa. Ine ndinakula ndikuyesa kuti abambo onse amakhala ndi zala zakuda.

Ntchitoyi anaiyamba nthawi ya nkhondo, mapepala akusowa. Ababa ankasindikiza kuseri kwa mafomu akale a mu ofesi, atawadula pakati. Chidutswa chotere sichikanakwana mawu onse anayi, ndiye a sopulano ankalandira lawo, a aluto lawo, a tena lawo, a besi lawo. Mapepala atayambanso kupezeka sanasinthe. Ankati woimba akaona mzere wa mnzake amayamba kuba. Analinso ndi lamulo lina: mapepala anayi oyamba kutuluka m'makina ankapita kwa munthu amene anawapatsa nyimboyo, kaya amadziwa kuwerenga kaya ayi. Lamuloli ndinkalidziwa, koma mantha amatseka mutu.

Ntchitoyo inafa pang'onopang'ono. Kunabwera mashopu a fotokope, kenaka mafoni, ndipo makwaya anayamba kuphunzira nyimbo pomvera. Makatoni a mapepala anatsala m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Ababa atagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa, ndinatsegula kachipindako nkupeza chiswe chitasandutsa makatoni a pansi dothi, chikukwera khoma kulunjika kudenga. Ndikanatha kukhala pansi nkusankha otsala. Sindinasankhe. Ndinali wotopa, ndinalinso wokwiya ndi kachipinda kamene kanadya Loweruka lililonse la ubwana wanga. Ndinatuta zonse pa wilibala nkukayatsa moto kuseri. Atatuluka m'chipatala ndinakhoma chitseko, nkuwauza kuti adokotala aletsa fumbi. Anandifunsa kamodzi kokha ngati mapepala ali bwino, ine ndinati ali bwino.

Kunja kutangoyera anafika mtsogoleri wa kwaya yathu, amene timangomutcha mayeshitiru. Ndi munthu wa msinkhu wanga, wovala tayi ngakhale pa maliro a m'matope.

"Mana, mlongo wanga, tipatseni mapepala aja ana ayeserere," anatero.

Ndinamuyankha kuti kiyi ali ndi azakhali. Kiyiyo anali pa mfundo ya kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala. Atachoka ndinapita ndekha kukatsegula, ngati kuti usiku mapepala akanamera. Mashelufu anali mbee. Makina aja anali pakona, atafunda nsalu yakale ya patebulo.

Nkhungu inali itaphimba mitengo ya paini ya kumtunda kwa msewu, ndipo anthu ankatulukira m'menemo mmodzimmodzi. Ena anabwera pa njinga zamoto atakwera atatuatatu, ena anatsika mashapa, maminibasi a kuno, pa msewu waukulu nkumaliza wapansi. Anzanga a ku ofesi anafika ndi nsapato zopolisha, dothi lofiira nkuwalandira. Kunabweranso nkhalamba zambiri zimene sindinkazidziwa, za majuzi awiriawiri, zina zochita kugwiriziridwa.

Mayi wina wokalamba atandipepesa sanachoke. Anatsegula Baibulo lake lomangidwa ndi mphira, natulutsa kapepala kofiirira, kopindidwa kanayi. Mbali imodzi inali fomu ya Chipwitikizi yopemphera tchuthi. Mbali inayo inali mizere ya do, re, mi, pamwamba pali nambala wani, ndi chilembo chija cha m chimene makina a ababa ankachitayipa chopendekera.

"Langa ndi ili, la aluto," anatero. "Ndikhale kuti?"

Ndinamulozera pa benchi. Pambuyo pake panabwera wina ndi la sopulano m'chikwama cha ndalama, wina m'thumba la pulasitiki la shuga. Abambo awiri anabwera ndi a tena, limodzi litamatidwa ndi selotepi mpaka kuwala. Ine ndinkangoti ndi mwayi, kapena chizolowezi cha anthu akale chosataya pepala.

Apo ndinamukokera mayeshitiru kuseri kwa khitchini nkumuuza zonse. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangovula magalasi nkuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka anazungulira pabwalo kusonkhanitsa mapepala a nkhalamba zija. A sopulano anapezeka ambiri, a aluto okwanira, a tena awiri aja. La besi panalibe ngakhale limodzi. Amuna a besi a nthawi ya ababa anatha kupita, ndipo amene anatsala, mkulu wina wosamva bwino, anati lake anapichirira fodya kalekale.

Pa nyimbo ina tikanangoimba choncho. Koma nyimbo yoyamba ija amayambitsa ndi a besi, enawo amangoyankha. Popanda iwo, mapepala enawo anali mayankho a funso limene palibe ankalikumbuka. Mayeshitiru anayesa kung'ung'udza, amayi awiri nkumutsutsa, kenaka nkutsutsana okhaokha. Ndinaona ndi maso anga chimene chinawasowetsa ababa tulo zaka zonse zija.

Nthawi siinatidikire. Anthu anaona nkhope, bokosi linatuluka, tinapita kutchalitchi. Kumeneko msuweni wanga anawerenga mbiri ya malemu. Anatchula ofesi, zaka za ntchito, ana ndi zidzukulu, koma za nyimbo anangoti ankakonda kuimba. Ndinakhala kutsogolo mutu uli pansi, ndikukonza mawu oti ndidzanene pamanda anthu akadzafunsa chifukwa chake taimba ina.

Potuluka kunali kamvula kowaza. Pansi pa mtengo, kunja kwa mpanda wa tchalitchi, panaima mkulu wina wa mkanjo woyera ndi kofiya, jekete lalikulu pamwamba, ndodo m'manja. Pambali pake panali kathumba ka usipa wouma. Azakhali anga, alongo awo a ababa, anandigwira mkono nkunena kuti amenewo ndi Che Saide a ku Meponda, kunyanja, ndikawalonjere. Dzinalo ndinkalimva ndili mwana, koma nkhope ndinali nditaiwala.

Anandipepesa mwa Chiyao, kenaka mwa Chinyanja. Anati shapa inawafera pa chitunda, n'chifukwa chake achedwa. Ndiye anapisa m'jekete natulutsa kachitini kaphwatalala, kadzimbiri m'mbali.

"Mwanangu, ine kuwerenga izi sindidziwa," anatero. "Nyimbo yoyamba ija tinkapalasira bwato ndi achimwene anga. Bambo ako anaimva, anaikonda, anaikamo mawu a kutchalitchi kwawo. Ndinati tengani, nyimbo siitha. Patapita mwezi anatsika phiri wapansi kudzandipatsa awa."

M'kachitinimo munali mapepala anayi okulungidwa m'kansalu, oyera kuposa onse amene ndinaona tsikulo, poti palibe anawagwirapo ndi manja a thukuta la kwaya. Lachinayi linali la besi. Ndinakhala pa muzu wa mtengowo ndi kapulana yanga yatsopano. Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira usiku wonse, ndipo anthu odutsa ankati ndi chisoni. Kunali kupepukidwa.

Ulendo wa kumanda unali wapansi, galimoto ya bokosi ikuyenda pang'onopang'ono patsogolo. Amayi ankaimba nyimbo za masiku onse za pamaliro. Kumbuyo kwenikweni mayeshitiru ankayenda chobwerera, pepala m'manja, wina atamufunditsa ambulera. Anyamata a besi a masiku ano do, re, mi sawerenga, ndiye iye ankaimba mzere, iwo nkubwereza. Ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu anaimirira, a njinga zamoto anazimitsa mainjini. Ine ndinkayenda pafupi ndi bokosi koma khutu langa linali kumbuyo.

Kumanda adzukulu anali atamaliza, dothi lofiira litaunjikana mbali imodzi. Mapemphero atatha, bokosi likutsika, oimba anasonkhana, akale ndi atsopano pamodzi, atatu kapena anayi pa pepala limodzi. A besi anayamba. Anayamba mokoka, mwaulemu, monga timaimbira pa maliro. Che Saide anali ataima patali pang'ono ndi Asilamu anzawo awiri a mumzinda. Ndinawaona akupukusa mutu.

"Mukapalasa choncho simufika," anatero, osakweza mawu kwenikweni.

Anayamba kugogoda ndodo yawo pa mwala. Mayeshitiru anacheuka, anamvetsera, natsatira ndodoyo ndi dzanja lake. Nyimbo inadzuka. A besi ankaitana, amayi nkuyankha, ndipo mayi wa Baibulo la mphira uja ankaimba maso ali chitsinzire, pepala atalikweza m'mwamba ngakhale sankaliyang'ana. Ena anaseka misozi ili m'masaya. Ine sindiimba, ababa anandiyesa pa aluto ndili mwana nkundibweza mwaulemu, koma tsiku limenelo ndinatsegula pakamwa.

Tinaika nkhata, adzukulu anakwirira, tinabwerera kunyumba kukasamba m'manja ndi kudya. Nkhalamba zija zinafuna mapepala awo, aliyense lake lenileni, ndipo panali kamkangano pa awiri a sopulano amene anasinthana. Che Saide anakana kugona, anati mawa ali ndi nsomba pa thandala. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu nditawatengera kachitini kawo. Shapa itaima anakankhira kachitiniko kwa ine.

"Mwini makina wapita, inenso ndili m'njira," anatero. "Kasunge iwe."

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Mabenchi a tchalitchi anali atabwezedwa, pabwalo patatsala phulusa la moto ndi njerwa zakuda. M'nyumba munali azakhali ndi ine, ndi abale ochepa amene anagona msanga chifukwa cha kutopa. Ndinawapangira azakhali tiyi, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, nkuwauza za chiswe, wilibala ndi moto. Ndinawauzanso kuti ndinanamiza ababa.

Anamwa tiyi wawo kaye.

"Ukuyesa anthu onse aja anangolota kubwera ndi mapepala?" anatero. "Achimwene anadziwa sabata yomwe anatuluka m'chipatala. Anapita kuseri kukawothera dzuwa, anatola kachidutswa kopserera m'phulusa. Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza kuti tsiku langa mudzabwere ndi pepala lanu. Ku Meponda anandituma ine kawiri."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Anati ukanachita manyazi, nkusiya kuwayang'ana kumaso. Iwo ankafuna uziwayang'ana."

Azakhali anamaliza tiyi wawo. Kenaka ndinamasula kiyi pa kapulana, ndinatenga kachitini kaja nkupita kumapeto kwa khonde. Azakhali anandiitana ndili pakhomo, nkunena kuti ndisakaike pansi poopa chiswe. Ndinakaika pamwamba pa makina, ndipo potuluka chitseko sindinakhome.