Fita ya Mayi

Fungo la mafuta a njinga limandikumbutsa makina osokera amene mayi anagula ku Vila Coutinho nkhondo isanathe. Anthu sankabwera kudzasoketsa. Ankati munthu wamoyo sayezedwa, amayeza maliro okha, ndi bango, pokakumba manda.

Lamulungu lina, anthu akuchokera ku Misa ku Fonte Boa, mayi anandiimika pakati pa njira, fita yoyezera ili m'manja.

"Mlongo, mwanayu ndi mbumba yanga," anatero amalume, amene anali m'gulu la anthuwo. "Akadwala usandiitane."

"Akadwala, achimwene, adwala atavala malaya."

Azimayi anasuntha chambuyo, maso ali pa ine. Fita ija inazizira pakhosi panga. Ndinatsinzina, kudikira imfa, koma sindinalire.

"Kweza mikono," anatero mayi.

Ndinakweza.